Guluu wa M'chitini

"Nunkhizani! Ndati nunkhizani, bambo, musandithawitsire nkhope!"

Amayi anaima pakhomo la kuchipinda, epuloni ya mwana wawo ili m'manja, n'kuikankhira pamphuno pa amuna awo amene ankamanga zingwe za nsapato.

"Ndaichapa ndi sopo, ndaiviika m'madzi otentha, yakhala padzuwa tsiku lonse, fungo lake ndi lomweli. Ngati nsalu yakana kulavula, nanga mapapo a munthu? Nanga kamene kali m'mimbako?"

"Tsitsani mawu, amake mwana. Anthu akumva."

"Amve! Amati tsoka silinunkha, koma lathuli likununkha nyumba yonse. Inu nokha ndiye mwatseka mphuno."

A Mmisiri, monga anthu onse ankawatchulira, anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anali munthu wa imvi zake, wosakonda phokoso, amene moyo wake wonse unathera pokonza zinthu zakale: mabokosi a timakona ta mkuwa, mawotchi apakhoma, mafelemu a magalasi okongoletsedwa ndi zigoba zonyezimira. Kusitolo ya zinthu zakale kumene ankagwira ntchito ndi kumene analowetsanso Mzime, mwana wawo wotsiriza, yekhayo amene anatengera manja a bambo ake.

"Guluu aliyense amanunkha," anatero a Mmisiri. "Ngakhale wanga wophika uja munkati akununkha ngati ng'ombe yofa yokha."

"Wanu uja amanunkha, inde, koma analedzeretsapo ndani? Ndakuphikirani guluu ameneyo zaka zonsezi, mimba zanga zonse ndinali pambali pa mphika wake, ndinagwapo? Mwana uyu akumabwera madzulo akudzandira ngati wachokera ku mowa. Dzulo kapu yamupulumuka m'manja, iye osadziwa n'komwe mpaka atamva kusweka."

"Mimba yoyamba imatero."

"Mwakhalapo ndi mimba kangati inu?"

A Mmisiri anapukusa mutu. "Ndiye mukufuna nditani? Ndikalowe mu ofesi ya bwana wamng'ono, ndikamuphunzitse kayendetsedwe ka sitolo imene bambo ake anamusiyira? Nyumba ya mwini saotcheramo mbewa. Akatithamangitsa tonse awiri, mkamwini wathu ali m'misewu ndi lole ya eni ake, tsiku lobwera sitilidziwa, tidzadya chiyani? Fungo la epuloni?"

"Ndiye bola mwana afe ali wokhuta?"

"Ndani wanena za kufa m'mawa uno? Pakamwa panupo, mayi!"

Nsalu yotchinga pakhomo inasuntha, Mzime anatuluka. Anali atavala kale zakuntchito, mimba itayamba kuonekera pansi pa diresi. Maso anali ofiira, milomo youma. Ankalimbana ndi batani la pakhosi, zala zikungoterereka, mpaka anangolisiya.

"Amayi, ndili bwino," anatero motsitsa. "Musakanganirane ine. Ndi mutu chabe, ndikapuma mphepo ya panjira umasiya."

"Bwera kuno." Amayi anamumangira batanilo, kenako anagwira zala zake n'kuzitsina. "Ukumva?"

"Ndikumva."

"Usandinamize, ndinakubala ndine."

"Ndikumva patali," anavomera Mzime, akuseka pang'ono. "Ngati ndavala magolovesi. Koma anzanga onse kuseri kwa sitolo kuja amatero, amati thupi limazolowera. Ndipatseni epuloniyo, tichedwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amayi. Ntchito zikusowa."

Anaisolola epuloniyo m'manja mwa mayi ake mofatsa. Bambo ndi mwana anatuluka, wina patsogolo wina pambuyo, ndipo Amayi anatsala ataima pakati pa nyumba, mtima ukuwawa ngati wathiridwa tsabola.

Lamulungu masana a Mmisiri anatulutsa kabenchi pakhonde. Aphunzitsi ena anali atawabweretsera bokosi la agogo awo, lakuda ndi ukalamba, limene kaduwa ka mkuwa kanali katamatuka pachivundikiro. Ntchito zoterezi ankazigwirira kunyumba, ndipo Amayi, ngakhale anali asanapole mtima, anakoleza mbaula monga mwa masiku onse. Guluu wa zikopa anali atagona m'madzi n'kufufuma. Anamuika m'kachitini, kachitiniko n'kukakhazika mumphika wa madzi otentha, kuti asungunuke osawira, pakuti akawira amatha mphamvu.

A Mmisiri ananyowetsa kansanza m'madzi ofunda n'kukagoneka pamene panali kaduwa. Patapita kanthawi guluu wakale anafewa, iwo n'kumupala ndi kathabwa kosongoka, thabwa la bokosi osakandika.

"Waona, Mzime?" anatero, nkhope itamasuka. "Amene anamata ili anafa kalekale, koma anandisiyira khomo lolowera. Guluu wabwino ndi amene amagwira lero, n'kudzalola kuchoka tsiku limene wina adzafune kukonza. Thabwa limapuma, mvula ikagwa limafufuma, dzuwa likawomba limanyala. Mkuwa suyenda nawo ulendo umenewo. Pakati pawo pamafunika mkhalapakati wodziwa kugonja."

Anapukuta kuseri kwa kaduwako mpaka kuyera, anadula adyo pakati n'kutikitapo.

"Ndiye pachakudyachi chatsala n'chiyani, mchere?" anaseka Mzime, ngakhale ankadziwa bwino kuti adyo amathandiza guluu kugwira pa mkuwa.

"Seka, koma kaduwa aka kadzaona zidzukulu za aphunzitsi."

"Nanga wa m'chitini uja?" Amayi anafunsa, akutakasa osayang'ana munthu. "Amene mwana wanu amapaka kuseri kuja, adzaona zidzukulu za ndani?"

A Mmisiri anayankha ngati akulankhula ndi bokosi. "Uja ndi wa nsapato ndi makapeti, si wa zinthu ngati izi. Upaka uku, upaka uku, udikira pang'ono, ukagunditsa basi watha. Ukaphonya waphonya. Kukatentha amafewa, kaduwa n'kuyamba kutsetsereka, ndipo wofuna kukachotsa amakachotsa ndi nyama ya thabwa. Koma ndi wachangu. Pamene ine ndamata kamodzi, kuseri amata dengu lonse."

"Kuthamanga sikufika," anatero Amayi.

"Kamuuzeni bwana. Iye amati ogulawo amakwera ndege, sabweranso."

"Ndiye mukudziwa zonse. Mukudziwa kuti amawononga thabwa, mukulira nalo thabwa. Za mwana wanu ndiye mukuti mimba yoyamba imatero."

"Ndinapita, mayi!" Mawu a a Mmisiri anakwera mwadzidzidzi. "Mukuganiza kuti ndine mwala? Ndinalowa mu ofesi, chipewa m'manja. Ndinati, bwana, tisinthane, mwana akhale kutsogolo ndi mphika wanga, ine ndipite kuseri, mapapo anga atha kale ntchito. Anandiseka. Anati alendo amafuna kuona imvi, safuna kuona mtsikana wa mimba. Ndikanatani? Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna."

Anatembenukira kwa Mzime kuti athawe maso a akazi awo. "Tenga, ukhazike ndiwe. Diso lako ndi lakuthwa kuposa langa."

Anapaka guluu wofunda ndi kaburashi. Mzime anatola kaduwa kaja, koma kanamupulumuka n'kugwera pasimenti, ngwee! Anakatolanso, kanagwanso. Kachitatu anakagwira ndi manja onse awiri ngati mwana wogwira kapu, koma pofika pachivundikiro guluu anali atazizira kale n'kuundana.

"Palibe kanthu, titenthetsanso," anatero a Mmisiri mofulumira. Anapukuta, anapakanso, anakhazika okha, n'kutsindikapo kathumba ka mchenga wofunda. Mzime anabisa manja ake pansi pa ntchafu, n'kumayang'ana nkhuku za eni zimene zinkapalasa pabwalo.

M'kati mwa sabata Amayi anasiya zovala za anthu zimene ankasita, anamanga chakudya m'kansalu, ulendo wa kusitolo. Anali asanapondeko chimwalirire bwana wamkulu.

Kutsogolo kunali kozizira bwino, kukununkhira polishi. Magalasi, makabati ndi mawotchi zinali zitandandalikidwa ngati m'nyumba ya mfumu. Pafupi ndi zenera lalikulu panali katebulo, ndipo pamenepo anaona amuna awo atavala epuloni yoyera mbuu, kamphika kawo ka guluu kakufuka nthunzi. Alendo ovala bwino anawazungulira, akuwajambula ndi mafoni. Bwana wamng'ono, mnyamata wonenepa bwino wa mawu okoma, anali atawagwira paphewa.

"Chilichonse mukuchiona muno chadutsa m'manja awa," ankatero. "Ife sitidziwa zachidule. Timakonza monga ankakonzera makolo."

A Mmisiri anawaona akazi awo, n'kugwetsa maso mumphika.

Amayi sanaime. Anazungulira kumbali, anadutsa kanjira ka pakati pa makoma, n'kukankha chitseko chachitsulo cha kuseri. Fungo linawamenya ngati khofi. Misozi inatuluka yokha, kukhosi kunauma gwa. Chipindacho chinali chachitali, denga lamalata lotsika, mazenera okhomedwa ndi misomali n'kumatidwa makatoni. Pansi pa nyale yoyera azimayi anakhala mondondozana patebulo lalitali, aliyense ndi chitini chotsekula cha guluu wachikasu wonanda. Ena ankapaka ndi burashi, ena ndi chala. Pakona panali beseni la mankhwala osambira m'manja, onunkha kuposa guluuyo. Mayi wina ankaseka yekha popanda womuseketsa.

"Tsekani chitseko, fumbi!" anakuwa wina. "Likagwera paguluu atidula malipiro!"

Mzime anali kumapeto kwenikweni, kutali ndi khomo, akumata tizigoba pafelemu ya galasi. Atawaona mayi ake anadzidzimuka.

"Amayi, mwadzatani kuno?"

"Dzuka, tiye kwathu."

"Chonde, musandichititse manyazi."

"Ndi mayi a Mzime kodi?" Bwana wamng'ono anali atafika kale pakhomo, kampango kali pamphuno. "Takulandirani, mayi. Koma tiyeni tikalankhulire panja, kuno ndi kwa antchito okha."

Panja, pakanjira kaja, Amayi anapuma kaye mpaka chifuwa chitatseguka.

"Bwana, ine sindinapite patali ndi sukulu, koma mphuno ndili nayo. Inuyo mwaima pakhomo pokha, mwatseka mphuno ndi mpango. Awo amakhalamo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mwana wanga ndi woyembekezera. Manja ake achita dzanzi. Tsekulani mazenera okha, kapena abwerere ku guluu wophika amene bambo anu ankagwiritsa ntchito."

"Mayi, ndikumva nkhawa yanu, inenso ndili ndi ana," anayankha mwaulemu wonse. "Koma tikatsekula mazenera fumbi limalowa, ndipo fungo limazungulira mpaka kutsogolo, alendo n'kuthawa. Alendo akathawa, azimayi onsewa adya kuti? Guluu wophika ndi wabwino, sindikana, koma amafuna tsiku lathunthu kuti agwire. Hotela ina yatipatsa oda yaikulu, ikufuna magalasi ndi mabokosi mwezi usanathe. Nthawi ya bambo anga inapita, mayi. Tinsalu totseka pamphuno ndinawagulira, amavula okha."

"Kansalu kangatseke chimene chikuboola khoma?"

"Palibe amene ndamumanga unyolo muno. Akafuna kupita, khomo ndi ilo. Pageti pamabwera anthu tsiku lililonse kudzapempha malo." Anamwetulira. "Koma ndingamve chisoni, chifukwa banja lanu ndi lathu ndi amodzi. Madala aja ndimawasunga chifukwa cha ulemu, mukudziwa inunso kuti maso awo ayamba kufooka. Oda ikangotha, Mzime ndidzamupatsa tchuthi apume. Mawu anga ndi amenewo."

Anabwerera kwa alendo ake. Mzime anatuluka, akudzigwiriza kukhoma.

"Mwamva, amayi? Akuti ndikachoka ine, ababanso achoka. Sananene, koma wamva wamva. Ababa akachotsedwa pano adzafa ndi maganizo, mukuwadziwa. Ndipo mwanayu adzafikira pa chiyani? Ndilibe ndi thewera lomwe. Kwatsala pang'ono, amayi. Ndipirire oda yokhayi."

"Mwana wanga, pakadafunda padajiwitsa galu."

"Oda yokhayi. Ndikulonjeza."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Akanatha kumugwira dzanja n'kumukoka, mphamvu anali nazo. Koma anaona misozi m'maso mwa mwanayo, anaganiza za amuna awo atakhala pakhonde opanda chochita, ndipo mtima unawafookera. Anamupatsa kansalu ka chakudya kaja.

"Udyere panja," anatero. "Usadyere m'menemo."

Mwezi usanathe, tsiku lina dzuwa lili pamutu, Amayi akuyanika zovala, anaona mayi wina akuthamanga, epuloni yomatika guluu ili m'chiuno. Anali uja ankaseka yekha, koma tsopano sankaseka.

"Mayi, fulumirani! Mzime wagwa. Anati akupita kukamwa madzi, atangoima miyendo inakana. Wamenyetsa mimba pangodya ya tebulo. Magazi, mayi! Amutengera kuchipatala pa galimoto yonyamula makabati."

Amayi sanadziwe mmene anafikira. Anangozindikira ali pabenchi ya m'khonde la chipatala, phazi limodzi lopanda nsapato, anamwino akudutsa osawayang'ana. A Mmisiri anafika pambuyo, epuloni yoyera ija ikadali m'khosi, n'kukhala kumapeto kwa benchi.

Dzuwa litapendeka dokotala, mayi wa magalasi, anawaitanira m'kachipinda.

"Mwana wanu ali moyo," anatero. "Koma wapita padera. Tinayesetsa. Anali wamwamuna."

A Mmisiri anagwira khoma.

"Amagwira ntchito yanji? Zovala zake zanunkhitsa wodi yonse."

Amayi anafotokoza zonse, za zitini, za mazenera, za beseni la pakona. Dokotala anavula magalasi n'kutikita maso.

"Sindingalumbire kuti guluuyo yekha ndiye wachotsa mwana, chifukwa pali kugwaku. Koma chimene chinamugwetsa ndikuchidziwa. Ndamubaya ndi singano kumapazi ndi kunsonga za zala, sakumva. Mpweya wa guluu wotere umadya mitsempha pang'onopang'ono. Ndinazionapo kwa omata nsapato."

"Adzachira?" anafunsa a Mmisiri, mawu akuchita kukwawa.

"Mitsempha imachira mochedwa, bambo. Ina imabwerera, ina ayi. Asadzalowenso m'chipinda chimenecho. Ndipo enawo muwauze abwere tiwaone."

Atalowa mu wodi anapeza Mzime atayang'ana kukhoma. Amayi anakhala pabedi n'kumusisita mutu.

"Amayi," anatero osatembenuka, "anandionetsa. Tizala take tinali tathunthu, ndi tizikhadabo tomwe. Anati ndimugwire. Ndinamugwira, amayi, koma sindinamumve. Mwana wanga ndamugwira kamodzi kokha, ndipo manja angawa sanamve kanthu."

A Mmisiri anatuluka mothamanga. Kulira kwawo kunamveka kuchokera kukhonde, kulira kwa munthu wamkulu kosazolowereka, ngati chitseko cha dzimbiri.

Mzime anabwerera kunyumba akuyenda mokoka mapazi, atakolowekedwa paphewa la mayi ake. Mwamuna wake anafika patapita masiku, analira, analumbira kuti akaotcha sitoloyo, koma eni lole ataimba foni ananyamula chikwama chake n'kubwerera kumsewu. Azimayi a kuseri aja anabwera kudzazonda Loweruka. Amayi anawauza mawu a dokotala, onse anavomera ndi mitu, koma palibe anapita. Tsiku la kuchipatala ndi tsiku lojomba, ndipo wojomba nthawi ya oda sabwereranso.

Bwana wamng'ono anatumiza dengu la zipatso. A Mmisiri ndiwo analinyamula, pakuti Lolemba lotsatira anali atabwerera kale ku katebulo kawo ka pazenera.

"Akuti pepani kwambiri," anatero, akuliika pansi. "Akuti iwo anamuuza Mzime kuti apume, anakana yekha."

"Ndipo inu munati chiyani?"

A Mmisiri anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

"Ndikufunsa, bambo. Atanena bodza limenelo pamaso panu, munati chiyani?"

"Ndinati zikomo."

Amayi sanakuwe. Mphamvu yokuwa inali itawathera. Ananyamula dengulo n'kukaliika kunja kwa mpanda, kuti otola atole.

"Pepani sapoletsa chilonda," anatero pobwera. "Ndipo mawa mupitanso, mukavale zoyera, akakujambuleni."

"Mankhwala a mwanayu achokera kuti ndikakhala pansi? Mukuganiza kuti ndimakondwa? Mlendo aliyense akandifunsa kuti, madala, zonsezi mwakonza ndinu, ndimamva ngati ndameza khala lamoto. Koma tsopano wodyetsa nyumba ino ndatsala ndekha." Anakhala pampando n'kugwira mutu. "Madzi akatayika sawoleka, amake mwana."

"Sanatayike okha. Tinawataya ife. Inu munakhala chete, ine ndinafika mpaka pakhomo n'kubwerera ndekha."

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo munalowa bata loipa. Mzime ankakhala pakhonde, manja ali pamiyendo ngati a munthu wina. Amayi ankamusambitsa, kumupesa, kumutikita zala ndi mafuta ofunda monga anawalangizira anamwino.

Madzulo ena, dzuwa lisanalowe, kunabwera mayi wogulitsa makala wa kuseri kwa mpanda, mnzawo wa Amayi wa zaka zambiri. Anakhala pamkeka, anapepesa, anagwetsa misozi yeniyeni. Kenako anayamba kupotokola nsonga ya nsalu yake.

"Anzanga, ndili ndi mawu, koma akundilemera. Musandione ngati mfiti. Mwana wanga wamkulu uja mukudziwa kuti mwamuna wamuthawa, wabwerera pakhomo ndi ana awiri. Makala sakuyenda. Ana agona ndi njala dzulo ndi dzana. Ndamva kuti malo a Mzime sanalowepo munthu. Mwina a Mmisiri akanamulankhulira kwa bwana."

Amayi anamva ngati awathira madzi ozizira kumsana.

"Achemwali, mwapenga? Taonani!" Ananyamula dzanja la Mzime n'kulisiya, linagwera pamwendo ngati nsanza. "Mwana wanga sangathe kudzipesa. Mdzukulu wanga ali m'dothi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukufuna mudzakhale pabenchi imene ndinakhala ine?"

"Ndaona, anzanga. Ndaona ndi maso angawa." Mayi wa makala ankalira poyankha. "Koma guluuyo amapha mawa, njala ikupha lero. Ndiwauze chiyani ana akamandikoka nsalu? Mwina wanga adzapirira. Mwina adzangogwira miyezi yochepa."

"Nafenso tinkatero."

"Ndikudziwa."

Kenako mayi wa makala anatsanzika.

M'mawa mwake a Mmisiri akutuluka anapeza mwana wa mayi wa makala ataima pageti. Anali atavala diresi yake ya kutchalitchi, nsapato zopukutidwa bwino, kachikwama atakakumbatira pamimba.

"Mwadzuka bwanji, ababa? Amayi anga anati nditsagane nanu."

"Ayi, mwanawe," anatero a Mmisiri. "Ine sindingakutengere kumeneko. Ndinatengerako mmodzi, wakwana. Bwerera."

"Simunditenga, ababa. Ndingoyenda pambuyo panu. Bwana akandifunsa ndidzati ndabwera ndekha."

A Mmisiri anayang'ana akazi awo amene anaima pakhonde. Anavala chipewa n'kuyamba kuyenda.

"Asisi!" Anali Mzime, akuitana ali pampando wake. Chibwerere kuchipatala anali asanakwezepo mawu chotero. "Tabwerani kaye."

Mwana wa mayi wa makala uja anasendera pafupi.

"Mukakhale pafupi ndi chitseko, musalole akuikeni kumapeto. Musapake ndi chala. M'beseni la pakona musasambemo, bola guluu aumire m'manja, mudzachotsa kunyumba. Mutu ukayamba kulemera, namizirani kuchimbudzi, mukapume." Anapumira kaye. "Ndipo mundiuze zoona, asisi. M'thupimo muli nokha?"

Mayiyo anayang'ana pansi, n'kukumbatira kachikwama kake molimba.

"Mayo ine!" Amayi anatsika pakhonde n'kumugwira mkono ndi manja onse awiri. "Supita! Ndati supita! Ubwere uzidya kuno, iwe ndi ana ako, tigawana chomwecho. Ndikugwadira, mwana wanga, usapite!"

"Mudzatidyetsa mpaka liti, amayi? Inunso muli ndi wodwala." Ankalankhula mofatsa, misozi ikutsika. Anayamba kumasula zala za Amayi, chimodzichimodzi, mwaulemu. "Pepani. Tsiku loyamba sachedwa."

Anatuluka pageti n'kuyamba kuthamanga. Amayi anamutsatira mpaka pakati pa msewu, opanda nsapato, akuitana amuna awo kuti amubweze. Kutsogolo, pokhotera, a Mmisiri anali ataima, mutu uli pansi. Mayiyo atawapeza, iwo anakhala ngati akumuuza kanthu, iye n'kupukusa mutu. Anaima choncho kanthawi. Kenako anakhota onse awiri.

Amayi anabwerera pang'onopang'ono n'kudzigwetsa pasitepe, pafupi ndi mapazi a mwana wawo.

"Apita?" anafunsa Mzime.

"Apita, mwana wanga."